Madzi a Sopo m'Mabuleki a Bambo

Bambo, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munajambulitsa pa siteji mutatsamira galimoto yanu, malaya oyera mutapisira, baji ya khonsolo ili pachifuwa, nyali ya takisi ili padenga. Tasankha chimenechi chifukwa zonse zooneka m'menemo zinatha. Inu kulibe, baji kulibe, nyali padenga kulibe, ndipo sitejiyo mutati muione lero mungalavule.

Amayi anati mawu a chaka chino alembe Makaniko wanu, poti ndiye wangomaliza kumene sukulu. Anamuuza kuti alembe zachidule, zoti tikukusowani. Tikukusowanidi. Koma mwana wanu mukumudziwa, akati ayankhule pamaso pa anthu mawu amathera pakhosi. Mumukhululukire ngati papepala pano watalikitsa.

Dzina la Makaniko munamupatsa ndinu, ali kamtsikana koti miyendo sinkafika pansi. M'mawa uliwonse musanatuluke munkamukhazika pampando wa dalaivala mutamuikira pilo kumsana, inu n'kukaima kumbuyo kuona ngati magetsi ofiira akuyaka iye akaponda. Tsiku lochotsa mpweya m'mabuleki munkagona chagada kunsi kwa galimoto, sipanala ili m'manja, n'kumakuwa kuti popa, popa, gwira pomwepo, siya. Iye ankayankha ndi mutu, kuiwala kuti simukumuona, ndipo munkaseka mpaka fumbi kukulowani m'kamwa. Munkati kuthamanga ngakhale wilibala imatha, galimoto yeniyeni ndi yodziwa kuima. Amayi ankati m'banja muno iwo ndi mkazi wachiwiri, wamkulu ndi uja wogona pabwalo, amene mumamupukuta nkhope kusanache. Inu munkati wamkuluyo sayankha, n'chifukwa chake mumagwirizana.

Pa siteji ankakutchani a Tikafika. Kasitomala akadandaula kuti mukuyenda ngati mwanyamula mazira, munkangoti tikafika bwana, ofulumira kwambiri amakafika kwina. Masiku amenewo panali mzere. Wakutsogolo ndiye ankanyamula, ena onse n'kusendera. Simunkaliza injini posendera, munkatsegula chitseko n'kukankha ndi phewa, dzanja lina lili pa chiwongolero. Mnzanu akachokapo kupita kokadya kapena kuchimbudzi, wa kumbuyo kwake ankamukankhira galimoto kuti malo ake asatayike. Palibe amene analemba lamulo limeneli. Sitikunena kuti munali angelo. Baji inali yovuta kuipeza, ena ankachita kugulitsana mwamseri, matakisi anali ochepa, ndipo anthu ankalira ndi mtengo. Inu nomwe tsiku lokayezetsa galimoto munkabwera mukung'ung'udza kuti mwapsa ndi dzuwa tsiku lonse kudikira munthu mmodzi wa chidindo.

Ndiye pamene khonsolo inalengeza kuti yachotsa malamulo onse aja, ambiri anaomba m'manja. Anati aliyense wokhala ndi galimoto anyamule anthu, baji ayi, kuyezetsa ayi, mtengo muzikambirana pawindo. Anati umenewo ndi ufulu. Mwezi usanathe siteji inadzaza ngati ntchentche pa chilonda. Kunabwera magalimoto omangirira zitseko ndi waya, matayala osalala ngati chipumi, madalaivala oti ndevu sizinamere. Munthu akangotsika basi ankamugwira uku ndi uku, chikwama kulowa galimoto ina, mwana ina, mwini wake akukokedwera yachitatu. Mzere unafa. Munatsala inu ndi akuluakulu ochepa, mukukankhanabe ndi phewa pakati pa phokosolo, anyamata akukusekani kuti agogo akudikira ndege. Munayamba kutuluka kudakali mdima, kubwera tonse titagona. Miyendo inayamba kutupa. Mapiritsi anu a kuthamanga kwa magazi ankathera m'galimoto osamwedwa panthawi yake.

Za tsiku lija m'nyumba muno sitizikamba, koma Makaniko akuti zilembedwe. Munamwalira masana, dzuwa lili paliwombo, muli pampando wanu pa siteji, mutu utagwera pa chiwongolero. Kale wa kumbuyo kwanu akanatsika kudzakukankhirani, akanakuonani. Tsikulo ankangokuzungulirani. Ankakulizirani mahutala. Wina anamenya denga ndi chikhatho n'kukutukwanani kuti mukagone kwanu, mukutseka njira. Amene anatsegula chitseko ndi mayi wogulitsa nthochi, atadabwa kuti simunamuyankhe moni. Akuti anapeza handibuleki mutakoka. Mwana wanu akamadutsa pamenepo mpaka lero amawoloka msewu.

Maliro atatha, bambo aang'ono, mng'ono wanu, anati galimoto isaolere pabwalo ana akufuna kudya. Zinali zomveka, ndipo tadyadi, sitikana. Anaipereka kwa anyamata awiri osinthana, wina usana wina usiku, moti injini yake chiyambire sinazizirepo. Nyali ya padenga anaizula, ati makasitomala akaiona amathawa poganiza kuti ndi yodula. Tinakaipeza kwawo kwa bambo aang'ono ataitembenuza, abakha akumweramo madzi. Kenako anapeza msika wina, kunyamula ana a sukulu m'mawa. Amawapanikiza mpaka ena kukhala pamiyendo pa anzawo, zikwama kukhosi. Mzime wanu, amene munamusiya akuphunzira kumanga zingwe za nsapato, ankakwera nawo kwaulere, ndipo bambo aang'ono sankaiwala kutikumbutsa za ulerewo.

Kutsuka galimoto ikabwera kunyumba inali ntchito ya Makaniko. Sanadandaulepo, koma zimene wakhala akutola pansi pa mipando yanu sizolembeka m'nyuzipepala. Fungo la mowa, fodya ndi masanzi linalowerera mpaka m'siponji. Mipando ija munkaletsa ngakhale ife kudyerapo chimanga. Mwezi watha, atamaliza kukolopa, anakhala pampando wa dalaivala kuti apume, ndipo phazi lokha linapita pa buleki mwa chizolowezi. Buleki inamira mpaka pansi ngati waponda phwetekere woola. Anapopa, anapopanso. Anatsegula boneti n'kuvundukula kabotolo ka mafuta a mabuleki. Munali thovu. Ananunkhiza. Anali madzi a sopo wochapira zovala.

Mnyamata wa usana atabwera kudzaitenga, Makaniko atamufunsa za sopoyo, sanachite n'komwe manyazi. Anati mafuta enieni amangotayikira pansi chifukwa paipi inabooka kalekale, ndiye angawonongerenji, sopo amatereranso chimodzimodzi. Anati iye amaima ndi magiya, ndipo pamtsetse wa kusukulu amayamba kupopa akadali pamwamba. Anafunsa mwana wanu ngati akufuna kukanena, n'kuseka, ati akanene kwa yani poti ofesi yoyeza magalimoto pano akugulitsiramo matumba a simenti.

Bambo, mwana wanu anakhala nazo m'mimba masiku angapo. M'mawa ankaima pakhomo kuona mzime akukankhidwira m'katimo, kadzanja kali pagalasi. Tsiku limene analimba mtima n'kuuza bambo aang'ono, anayang'ana pansi. Iwo sanamulole n'komwe kumaliza. Anati magalimoto onse m'tauni muno akuyenda choncho ndipo anthu sanathe. Anati ikaima tsiku limodzi lokha ana aja atengedwa ndi wina, makolo sadikira. Anafunsa ngati kunyumba kuno tayamba kudya mabuleki. Kenako anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti mtsikanayu sukulu yamukwera m'mutu, amupezere chochita. Amayi mukuwadziwa, alamu awo sawatsutsa pamaso pa ana, ndiponso za galimoto ankati n'za amuna.

Mawa lake galimoto itabwera kudzatenga mzime, Makaniko anagwira amayi padzanja, manja awo adakali ndi madzi a mbale, n'kuwakokera panja. Anapempha mnyamata uja kuti atsike kaye. Amayi, amene zaka zonse za ukwati wanu sanakhalepo pampando umenewo, anakhala. Ana a eni ake anali atadzaza kumbuyo, akuyang'ana. Makaniko anangoloza pansi n'kunena mawu amodzi: "Pondani."

Anaponda. Phazi linapita mpaka pansi popanda choligwira. Anayang'ana ana aja pagalasi. Kenako anazimitsa injini, anazula kiyi, n'kuuza ana onse kuti atsike. Tsiku limenelo amayi anavala nsapato zawo zoyendera n'kuwaperekeza wapansi mpaka pachipata cha sukulu, ali pamzere awiriawiri. Pobwerera anadutsa khomo ndi khomo kuuza makolo chifukwa chake. Ena anathokoza. Ena anakwiya kuti awasokonezera m'mawa, ndipo mawa lake anakweza ana awo m'galimoto ina imene palibe anaiponda buleki.

Bambo aang'ono anabwera madzulo ake akutukutira. Anati tawachititsa manyazi, ndipo tiona chimene tidye. Chiyambire sanapondenso pakhomo pano. Anatumiza uthenga woti dzina lawo lisaoneke pa chikumbutso chino, ndipo tawamvera. Sitikubisirani, ndiwo zachepa. Tiyi tikumwa wopanda mkaka. Amayi ayamba kusoka mayunifolomu, maso akuwawawa, ndipo achimwene ake a Makaniko akufunafuna ganyu. Mzime akuyenda wapansi, amadandaula miyendo, koma madzulo aliwonse amafika.

A Ndevu, mnzanu uja ankakhala kumbuyo kwanu pa mzere, anasiya takisi inu musanamwalire, pano ndi mlonda pa sitolo ya matayala. Atamva nkhaniyi anabwera ndi sipanala zawo m'jumbo. Atalowa kunsi anatukwana mawu amene sitinkadziwa kuti amawadziwa, kenako anapepesa kwa amayi. Akuti mapaipi onse anadyeka ndi dzimbiri chifukwa cha madzi aja. Galimoto ili pa njerwa. Akusintha chimodzichimodzi, pamene tapeza. Nyali ija anakaitenga okha kwa abakha, osapempha, ndipo Makaniko waitsuka mpaka fungo latha. Amayi anena kuti galimoto idzatuluka tsiku limene idzathe kuima, ndipo woyendetsa adzakhala a Ndevu. Ngati m'tauni muno mudakali anthu ofuna takisi yoyenda pang'onopang'ono, sitikudziwa. Mwina kulibe.

Loweruka lapitali msana wa a Ndevu unakana, ndiye kunsi kunalowa Makaniko. Pampando tinakhazika mzime, pilo yomwe ija ili kumsana. Poyamba mzime ankati sakumva, achemwali akunong'ona. Kenako mawu anatuluka mokweza kunsi kuja, popa, popa, gwira pomwepo, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda kufunsa kuti kwabwera mlendo wanji. Amayi anali pamakina osokera. Anasiya kupalasa, n'kumvetsera mpaka ntchito inatha.

Akukulirani mkazi wanu wachiwiri, achimwene, Makaniko, mzime, a Ndevu, ndi mayi wa nthochi amene amatifunsabe za inu ngati munangopita ulendo.

Gonani, a Tikafika. Phazi lililonse la m'nyumba muno likaponda buleki, ndinu. Sitidzakuiwalani.