Mayi Zulu Andigwetsera Chaputala Chachitatu

Lachinayi, Okutobala, m'dera la Kwacha

Kwatentha kwambiri lero, koma mtima uli m'malo.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikulemba m'kafukufuku wanga wa PhD kuti amayi a pamsika wa Chifubu anayamba malonda chifukwa amuna awo anachotsedwa ntchito m'mafakitale. M'mawa ndinapita ku Ndola, kumsika womwewo, kukacheza ndi Mayi Zulu, ogulitsa tinsomba ta kapenta. Nditawafotokozera ganizo langalo, anaseka.

"Mwana wanga, ine ndinayamba a Zulu akadali pantchito. Ndinatopa n'kupempha sopo. Funsa mzere wonsewu."

Ndinafunsa anayi, ndipo atatu ananena zomwezo.

Pobwerera, m'minibasi, ndinatsala pang'ono kufufuta mawu awo amene ndinajambula m'foni. Ndikuulula pano poti palibe adzawerenge. M'malo mwake ndinaimbira Dokotala Mulenga, ondiyang'anira pa kafukufukuyu, kuwauza kuti chaputala chachitatu, cha ganizo lija, chagwa.

"Cisuma," anatero m'Chibemba chawo, kutanthauza kuti zili bwino. "Ganizo loti palibe chingalitsutse si la sayansi. Lanu latheka kutsutsidwa, ndiye kuti linkanena kanthu. Mwawathokoza mayiwo?"

Sindinawathokoze. Ndinangogula kapenta n'kuchoka ndi manyazi.

Kalasi ya filosofi ya sayansi imene tinaphunzira kuyunivesite ndinkaiona ngati yongotayitsa nthawi. Lero ndaimvetsa pakati pa madengu a kapenta, ndipo ndikuyamika Mulungu kuti zachitika tsopano, osati pamaso pa ondiyesa mayeso.

Loweruka ndibwererako kukathokoza. Pepala langa la mafunso ndikalisiya kunyumba. Ndikangofunsa limodzi limene ndikanayenera kuyamba nalo: Amayi, zinayamba bwanji?