Chiliza Chanu Chinali ndi Matayala Anayi

Amayi, kumene muliko zikuyenda bwanji?

Kuno ku Leicester tilipo, kuzizira kokha ndi kumene sikutopa nafe. Mpongozi wanu Tadala anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Esitere. Akafuna kulira amakwinya chipumi momwe munkachitira kasitomala akanenerera kwambiri kaunjika wanu. Kadimba kathu ka ku Evington katipatsa nkhwani ndi maungu asanu. Za chimanga musandifunse, chinangotalika osabereka.

Ndazungulira mokwanira, nkhani ndi ya chiliza chanu. Zaka ziwiri ndakhala ndikusunga ndalama za mashifiti osamalira okalamba kuti mu Ogasiti muno ndibwere kudzamanga manda anu. Achemwali a Joyce anauza kale abale onse ku Ntcheu, mpaka kwaya. Amayi, ndalama zimenezo ndinagulira galimoto. Chiliza chanu chakhala miyezi inayi pakhomo pathu ku Wigston, chofiira psuu, cha matayala anayi.

Musakwiye msanga, imvani kaye. Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wa ku Zambia, a Mwanza. Anandionetsa pafoni galimoto ya mpikisano, yonga zija za ku Italy zimene amayendera akatswiri a mpira. "Mudala, iyi ni repulika," anatero. "Thupi chabe ndiye ya ku Italy, mukati ni kamotoka ka ku Japan. Mugula, mupukuta, mugulisa dabulo. Ba mami muzabamangila ya matailosi."

Ine, mwana wa mayi wa kaunjika, ndinati bizinesi iyi ndinabadwa nayo. Si inu munkachapa jekete, kuisita, kuipachika pamwamba, mtengo n'kukwera? Ndinaiwala zimene munkandiuza tikamasankha pa belo: "Fanuwelo, chovala uzichitembenuza, uone msoko." Ine sindinatembenuze, ndinangoona kufiira basi.

Tsiku loyamba lomwelo inakhala pamimba pa hampu ya pamsewu wathu, basi ya kutauni ikudikira kumbuyo, anthu akusuzumira m'mawindo. Mipando ndi iwiri yokha, ndiye Lamlungu Tadala ndi mwana ankakwera basi, ine n'kumawadutsa pasiteji ndikuyang'ana kumbali. Thumba la ufa ndinkalimanga lamba pampando ngati mlendo, chifukwa m'buti mwake simungalowe ngakhale nkhuku. Potuluka, ndi mimba yangayi, ndinkachita kukwawa. Tadala anangoti, "Bambo a Esitere, mwadzigulira bokosi musanafe, mwatipeputsira ntchito."

Koma ogula a kuno, Amayi! Kwathu munthu amagula ndi maso, kuti anzake amuone. Awa amabwera ndi tochi, amagona chagada pansi pa galimoto, amafunsa kuti anaiwotcherera ndani, amafuna mapepala onse. Mdala wina wachizungu anaigogoda ndi chala ngati akusankha chivwende, kenako anati ndi yokongola ndithu. Ndaphunzira kuti kuno akati ndi yokongola ndithu, ndiye kuti sagula. Ena ankangojambulitsa n'kumapita. Ndinaganiza zoitumiza kumudzi, a Joyce n'kuseka pafoni: "Achimwene, msewu wa ku Bilila mwauiwala? Kudzafika chiwongolero chokha." Uku inshuwalansi ikudya mwezi ndi mwezi. A Mwanza nawo anasamukira kubenchi ya kumbuyo, ndipo amatuluka tisananene chisomo.

Loweruka lapitali galimoto ija yapita. Waigula bambo wina wa ku Normanton, ku Derby, amene amabwereketsa galimoto paukwati. Ngati mukufunsa za phindu, phindu lake ndi lakuti ndayambanso kutsika m'galimoto ngati munthu. Zimene wandipatsa zikukwana chinthu chimodzi, chiliza kapena tikiti ya ndege. Zonse ziwiri ayi.

Apa nthabwala zandithera. Pamaliro anu sindinabwere chifukwa ndinalibe mapepala. Ndinaona akukuikani pafoni ya a Joyce, netiweki ikudukaduka, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi chonamizira. Ulendo uno mapepala ndili nawo, wondiletsa palibe, ndadziletsa ndekha. Zikundipweteka, Amayi, ndipo ndili ndi manyazi.

Dzulo ndatumiza ndalama zonse kwa a Joyce. Chiliza chimangidwa pa tsiku lake, dzina lanu lilembedwa bwinobwino, kwaya idzaimba. Ine ndidzaoneranso pafoni. Koma ndalembetsa kale mashifiti a Loweruka onse mpaka Malichi. Isitala ikubwerayi ndidzafika kumudziko pa minibasi, ndidzabwereka khasu, ndidzakulambulirani pamanda ndekha. Mudzandikalipire momwe mungafunire, ndidzakhala pansi n'kumvetsera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuwelo