Miracle Namutenga, Lezala Ili pa Malata

Ba Lazarous,

"Mwana ni wa mtundu wathu, timutema mphini!" Ndiye vamene anikuwila mulongo wanu Virginia, lezala ili kumanja, uku muzukulu wathu Miracle azipinda pansi, mafupa yamubaba. Sikoselo, matenda yake yaja ya magazi, yamuukila chifukwa wina anamusambika manzi yozizila kuseni. Nindani? Funsani mulongo wanu.

Namuuza kuti mwana magazi ni yochepa kale, iwe ufuna kutaya na yamene yasala? Lezala namulanda, naponya pa malata.

Manje tiyenda kuchipatala na motoka ya ba neba bathu ba Mpundu. Pa benchi sinizakhala. Nizaimilila pakhomo pa ba nasi mpaka bamulase nyeleti yamphamvu na kumuika dilipu, chifukwa mapilisi ya panyumba yakangiwa. Bakakamba ati yembekezani, bazaniziba lelo.

Imwe mukafika panyumba, musakhale pansi. Tengani bulangeti yake na manzi yakumwa yambili, mutikonkhe. Pepani, ndiwo zapselela. Dyani buledi, simuzafa.

Virginia aleka kukamba na ine. Mwamuna wake Benard anati nachita bwino, manje na yeve samukambisa.

Ndine mukazi wanu