Amayi, Kuno Akuti Munamwalira

Okondedwa Amayi,

Malinga ndi akuluakulu a timu ya basiketibolo imene Gildo akusewera kuno ku America, inu munamwalira iye ali ndi zaka zisanu, ndipo anakula yekha m'misewu ya kwathu ku Lobito, kumagona pa makatoni kudoko. Anawerenga zimenezi pa chimkuzamawu bwalo litadzaza, azimayi ena mpaka kupukuta misozi. Komabe ndati ndifunse: muli bwanji? Mutu uja unasiya? Ife tili bwino, koma kuzizira.

Mwana wanu akusewera bwino, apo sindinganame. Pomusankha kulowa m'timuyi chaka chatha ali ndi zaka 19 ankati ngwowonda ngati bango. Lero tiana tonse m'tauni muno tavala nambala yake.

Nkhani ya umasiyeyi anaipeka ndi a Whitlock, amene amamuyendetsera za makontirakiti. Akuti mwana wa aphunzitsi, wodya katatu patsiku, sangakope anthu kugula nsapato zimene akutsatsa. Ndinamufunsa Gildo ali kudya chigwada chimene ndinaphika ine. Anati ndisiye uchimidzi, kuno aliyense ali ndi nkhani yake yogulitsa, ndipo inu mumvetsa. Ndinati nanga makabudula aja ankamufupikira mwezi ndi mwezi ankawonjezera nsalu ndani, makatoniwo? Anaseka, nati pakamwa panga m'pa mayi wogulitsa nsomba. Chigwadacho anamaliza.

Ine kubwaloko amandidziwa ngati wophika wake. Anawauza choncho yekha, ine ndili chiimire pambali pake.

Pempho langa ndi ili. Mwezi wamawa kubwera anthu ojambula kanema kudzaona kumene anakulira. Gildo akuimbirani foni kuti mlungu umenewo mukapumeko kwa azakhali ku Huambo, galimoto atumiza. Musapite, Amayi. Ndikudziwa kuti zikhoza kumuwonongera malonda, ndipo ine akhoza kundipitikitsa pakhomo pano. Zonsezo ndaziganizira. Mudzangokhala pakhonde panu, mutavala chitenje chanu cha kutchalitchi. Akadzakufunsani kuti ndinu ndani, mudzawauze. Musadzawonjezere kanthu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Firmino, alamu anga ndi ana onse. Bambo musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. M'nkhaniyo akuti iwo sadziwika n'komwe.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu woyamba,
Ermelinda Sapalo,
mlongo wake wa Gildo, bere limodzi.