Thewera m'chisa cha nantchengwa

Maseya, Loweruka

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, koma khanda lathu Zuze thupi likutentha.

Damu lija boma linakumbira ng'ombe ladzaza mbalame. Lachitatu alamu anu akuchapa kumeneko, nantchengwa anatola thewera la Zuze n'kukalisomeka m'chisa chake pamtengo woweramira damulo. Chiyambire tsikulo mwana sakuyamwa.

Ndinatenga nsungwi kuti ndikalikolowole. Alamu anu anandigwira mkono, amvekere, "Bambo a Zuze, mukakhudza chisa chimenecho tiika maliro awiri!" Dzulo masana mbalameyo inatera padenga pathu, ili duu.

Kuchipatala tipita Lolemba. Nanga theweralo nditani nalo? Ndikaima pakhomo ndikumaliona, likukupiza pamwamba pa madzi.

Yankhani msanga, chonde. Mulungu akusungeni mumgodimo.

Ndine mng'ono wanu,
Tomasi