Mawu 60, Osapitirira

Lolemba, 2 Seputembala

Ntchito ina yagwa patebulo. Aphunzitsi anayi atsopano a sayansi akuyamba teremu ino, ndipo yunivesite ikufuna mbiri ya maphunziro awo m'kabuku kolandirira ophunzira. Wotayipa ndine, wodula mawu ndine ndemwe. Mlembi wa dipatimenti, zaka 24 pampando womwewu.

Abwana, mkulu wa dipatimenti, ati: "Madigiri, mayunivesite ndi zaka musakhudze. Zinazo dulani. Aliyense mawu 60, amayi, osapitirira ngakhale limodzi." Osindikiza akufuna zonse Lachisanu la sabata ya mawa, 10 koloko.

Ndavomera. Masiku ano ndimangovomera chilichonse.

Tiyi ndathiranso makapu awiri. Inayo ndakakhuthula m'sinki. Miyezi itatu chiwaikire m'manda bambo a ana anga, koma dzanja uthenga silinaumvebe. Ofesi yawo, nambala 14, ili chikhomere, zitseko zitatu kuchoka pa ine.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Mbiri zitatu zafika.

Woyamba wa fizikisi, pachithunzi ndevu mpaka pachifuwa. Madigiri atatu, mayiko atatu, kafukufuku wa magetsi a dzuwa. Watumiza mawu 312. Waikamo ndi mphotho ya mtsutso ya ku sekondale. Anangoiwala tsiku limene anamera mano. Ndadula mpaka 60, tiyi asanazizire.

Wachiwiri wa masamu. Udokotala anautenga ali ndi zaka 29. Mawu 19 basi, moni palibe. Mutu wa kafukufuku wake ndawerenga katatu, ndatola "ndi" yekha.

Wachitatu wa bayoloje. Zaka zisanu akuweta udzudzu m'makola a neti kunja, nthawi zina kuudyetsa pamkono pake. Ifeyo tinalumidwa moyo wonse, pepala osatipatsa.

Bambo a ana anga akanakhalapo akanaseka. Ankati: "Inuyo Pemphero la Ambuye mutha kulidula likwane pa tikiti ya basi."

Ine sindinaseke. Ndangolemba pano kuti zinali zoseketsa.

Lachinayi, 5 Seputembala

Yachinayi yafika m'mawa. Ya kemisitiri.

Ndi Kamafunso. Dzina limenelo anamupatsa ndi mwamuna wanga, chifukwa mkono wake sunkatsika m'kalasi. Kamtsikana kowonda kaja kanaswa botolo la mu labu chaka chake choyamba, n'kudzalirira mu ofesi mwanga muno. Lero ndi dokotala. Digiri yoyamba yathu yomweyi, ziwiri zakunja, kafukufuku wa poizoni wa m'madzi a pachitsime. Zaka 11 kunja osabwera.

Chiganizo chomaliza: "Sayansi anayamba kuikonda m'manja mwa a" kenako dzina lawo lonse, "amene akuphunzitsabe pa dipatimenti ino."

Akuphunzitsabe.

Palibe anamuuza. Ndani akanamuuza? Makalata a dipatimenti amalemba ndine.

Mawu 64. Ndawerenga ndi kompyuta, ndawerenganso ndi chala. 64.

Masana ndinaodetsa choko, mapepala ndi sopo wa mu labu. Ndinayankha foni kasanu. Mawu anga bwinobwino.

Lachisanu, 6 Seputembala

Abwana ayiona. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Maso pakhoma, osati pa ine.

"Chomalizachi ndiye chikuchulukitsa, amayi. Komanso, pepani, si mmene zililinso. Makolo amafuna kuona mayunivesite akunja. Koma chikakwana mu 60 ine ndilibe mawu."

Si munthu woipa. Pamaliro anagwira bokosi. Kungoti amalemekeza mapepala, ndipo mwamuna wanga mapepala anali nawo awiri okha. Udokotala anauyamba kawiri, kawiri konse anausiyira panjira, chifukwa makalasi a chaka choyamba panalibe wina wowafuna. Zaka 31 pabolodi. Ophunzira ankawatchula a Choko, poti jekete linkayera mpaka kumsana.

Pa bolodi la maina pakhomo anawachotsa mwezi watha. Pa ndandanda wa mafoni ndinawachotsa ndine, atandituma. Pa tayimutebulo palibe. Kachiganizo ka Kamafunso ndi malo okhawo otsala pa yunivesite yonseyi pamene pali dzina lawo.

Kalata yomuuza ndayiyamba katatu. Ndimafika pa "Tikukudziwitsani kuti", basi.

Lolemba, 9 Seputembala

Nambala 14 ayipereka kwa Kamafunso. Kiyi anali m'diroo yanga, ndiye wotsegula ndine.

Fungo lomwe lija. Makatoni asanu a udokotala wosatha. Ambulera. Mapiritsi a BP, theka osamwa. Mu diroo masupuni anayi a kunyumba, amene ndinkanamizira ana kuti ataya.

Ndalongedza ngati katundu wa mlendo. Ndimayembekezera kuti china chake chindigwira pakhosi. Ayi ndithu. Fumbi lokha, ndayetsemula kawiri.

Loweruka kunabwera mwana wanga wamkazi kudzandichapira makatani. Akuti: "Amama, majekete a malemu adadi tiwatani?" Ndinacheuka kuona amene akunenedwa. Mawu amenewo aliyense amawatchula mosavuta, alamu anga, abusa, a ku ofesi ya antchito. Ine pakamwa panga sanatulukepo. Ngakhale muno ndawalemba poti ananena ndi mwana.

Mbiri ija idakali 64.

Lachitatu, 11 Seputembala

Wafika. Wanenepa pang'ono, magalasi, nsapato zabwino, koma kuyenda komwe kuja kothamangira. Anandikumbatira ndisanaimirire n'komwe. M'manja kabokosi kokutidwa bwino: choko cha kunja, chosatulutsa fumbi.

"Kuti jekete lija lipumeko. A Choko ali m'kalasi?"

Ndinati: "Atuluka."

Ndinatero ine. Mayi wamkulu, wa mvano wa mpingo, bodza lamasana. Ndipo linatuluka lokha, mmene ndakhala ndikuyankhira ophunzira zaka zonsezi. Iye anati awadikira, nanyamuka kukalonjera a mu labu.

Patapita mphindi 20 anabwerera. Anamuuza ndi amayi okolopa. Anagwada pambali pa tebulo langa, dokotala wathunthu, mawondo pa simenti, kulira mmene analirira tsiku la botolo. "Amayi, bwanji osandiuza? Ine kumalemba zoti akuphunzitsabe!"

Ndinamupatsa tishu. Ndinamusisita kumsana. Ndinamufunsa ngati nyumba waipeza. Maso anga gwa, ouma, moti ndinachita manyazi.

Anandiuza zimene sindinkadziwa. Kalata yomupezera malo kunja a Choko anailemba kanayi, atamukana katatu. Mafomu anakatumiza okha ku positi, mvula ikugwa. Kunyumba sananenepo. Ndikukumbuka tsikulo, ndinawakalipira chifukwa cha nsapato zonyowa.

Za mawu 60 ndinamuuza. Anati: "Chiganizocho chikachoka, mbiri yonse ichoke. Alembe kuti wa kemisitiri sanapite kusukulu."

Kabokosi ka choko wakasiya patebulo panga.

Lachinayi, 12 Seputembala

Tsiku lonse pa mawu anayi.

Madigiri sakhudzidwa. Zaka sizikhudzidwa. Yunivesite yake yomaliza dzina lokha mawu asanu ndi awiri, ngati munthu wa maina a ubatizo ndi a makolo onse. Ndinayesa kulumikiza "ndi" ndi "pa", kompyuta yandigwira. Wa masamu uja anabwera kudzafuna kiyi wa njinga yake, ndinamufunsa ngati angabwereke mnzake mawu anayi pa 41 ake otsala. Anaganiza ndithu, kenako anati: "Ine ndilibe vuto." Abwana ati malo a mawu pansi pa chithunzi chilichonse ndi ofanana, si msika uno.

Ndilembe zoona, poti buku lino saliwerenga wina.

Njira ndikuidziwa. Ndinaiona Lachinayi lapitalo, mphindi yomwe ndinawerenga. Zaka 24 zodula mawu, diso limawerengera lokha. "Amene akuphunzitsabe pa dipatimenti ino", mawu asanu. Kuchotsa, atsala 59. Kutsogolo kwa dzina kuika liwu limodzi lija. 60 ndendende.

Ali moyo sakukwana. Akamwalira akukwana.

Ndiye sabata yonseyi sindinali kulimbana ndi abwana. Abwana angonena lamulo. Ine ndakhala ndikuwerenga chiganizo chija m'mawa uliwonse ndisanatsegule makatani, chifukwa m'menemo ali pa nambala 14, atangotuluka pang'ono.

Mawa 10 koloko. Kapena ndiwafufute onse, kapena ndiwaphe ndekha ndi zala zanga.

Madzulo ndadya buledi ndi madzi.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndinafika 7 koloko, okolopa asanamalize.

Mawu asanu aja ndinawafufuta chimodzichimodzi, kuyambira kumapeto. Ino. Dipatimenti. Pa. Pa "akuphunzitsabe" ndinaima, ndinapita kukatsegula windo, ndinabwerera. Kenako zilembo zisanu ndi chimodzi, ndi chala chimodzi ngati wophunzira kutayipa.

Malemu.

Pansi pa kompyuta: 60.

Abwana anawerenga ataimirira, milomo ikuyenda. Anasaina. Pachitseko anatembenuka nati: "Inenso anandiphunzitsa, mukudziwa. Chaka choyamba." Ndikudziwa. Mayeso ake obwereza ndinatayipa ndine.

Sindinamve kanthu. Ndinati basi, zatha, ndine mwala. Ndinaika zonse mu envulopu kuti ndikapereke kwa osindikiza.

Ketulo inawira. Makapu awiri, dzanja lomwe lija. Ulendo uno m'malo mwa kusinki ndinatenga kapuyo ndi kabokosi ka choko, zitseko zitatu, ndinagogoda pa 14. Kamafunso anali pa kabolodi ka kuseri kwa chitseko, akulemba ndondomeko ya makalasi ake. A chaka choyamba wawatenga onse. Analemba ndi zidutswa za choko chakale zimene ndinasiya pawindo. Mkono wa bulauzi yake mbee mpaka pachigongono.

Analawa tiyi, anakwinya nkhope. Shuga.

Ndinafuna kupepesa, kumuuza kuti ndi chizolowezi, malemu ankathira masupuni atatu. Ndinafika pa "male" basi. Zotsalazo zinatuluka ngati kulira kwa munthu wina, wa kutali, mpaka ndinadabwa kuti ndi ine. Ndinakhala pansi pamakatoni a udokotala uja. Miyezi itatu yonse inatulukira pamenepo, chitseko chili pululu, ophunzira akudutsa.

Ndawasowa. Mayo ine, ndawasowa.

Pano ndabwerera patebulo, maso otupa, siketi yonse choko. Nthawi yadutsa 11. Envulopu ili pompano. Osindikiza aimba kawiri, ndipo foni ikuliranso.

Adikire.