Tsiku Limene Ndinawolotsa Abambo pa Mlatho

Limhamn, 9 Novembala 2002

Okondedwa achimwene Torvald,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kiruna kumeneko. Kuno ndi mphepo yokhayokha. Pafoni ndakhala ndikukuuzani kuti abambo ali bwino. Ndinkanama, mundikhululukire.

Chilekere kuyenda sitima yowolotsa anthu ija, abambo mutu sukugwira. M'mawa amavala jekete lawo lakuntchito n'kupita padoko, kukadikira sitima imene anaiyendetsa zaka makumi atatu. Ndikawapeza amandikalipira: "Iwe Gunvor, nthawi yakwana, anthu ali kuti?" Anthu ali pamlatho umene unalowa m'malo mwa sitimayo, achimwene. Inenso ndimadutsa pomwepo popita kuntchito. Mwamuna wanga Ebbe, poti anakunga nawo zingwe zachitsulo za mlathowo, abambo safuna kukhala naye patebulo. Amangomuti kangaude.

Lamlungu anaumirira zokaona manda a amayi kutsidya, ku Dragør. Ndinawakweza m'galimoto. Maluwa anawaika pamiyendo. Titafika pakati pa mlatho, pansi pa nsanamira zazitali zija, anasuzumira n'kuona madzi ali kutali pansi.

"Imitsa! Tasochera!"

"Pano saimapo, bambo."

"Ndati imitsa, mwana wosamva iwe! Amako akundidikira padoko!"

Anayamba kulimbana ndi chitseko. Ndinayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo nditawagwira malaya, malole akungotipitirira, misozi ili chuchuchu. Kumanda anakana kutsika. Akuti mkazi wawo sangagone kumalo kumene munthu amafikako osakwera sitima. Maluwa ndinakaika ndekha. Ndiye njira yobwerera inali yomweyo.

Lachitatu ndinasaina mapepala a kunyumba yosungirako okalamba. Adzawatenga pa 1 Disembala, ndipo sindinawauze. Ebbe akuti ndachita bwino, koma iye si bambo ake. Zenera la chipinda chimene awapatsa layang'ana kumlatho. Ndinapempha china, akuti palibe.

Chonde bwerani, ngakhale masiku awiri okha, tidzawauzire limodzi. Ndekha sindingathe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Solveig, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Abambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Aganiza nthawi yaitali, akusisita chibwano, kenaka andifunsa kuti Torvald ndi ndani. Komabe landirani moni wawo.

Ndine mlongo wanu,
Gunvor